Amphasa Anamanga Mvula

Dzina lawo lenileni ndi a Elifala, koma mukafika kumidzi ya kuseri kwa Chisepo n'kufunsa dzina limenelo, anthu amayamba akanda kaye m'mutu. Nenani kuti mukufuna Amphasa, aliyense akulozerani nyumba ya malata imene ili pafupi ndi chigafa cha fodya kumapeto kwa mudzi. Eniakewo dzinali salifuna ngakhale pang'ono. Mukawaitana nalo amayang'ana pansi n'kumakumba dothi ndi chala cha kuphazi, munthu wamkulu wa imvi zake.

Kwawo ndi kumapiri a ku Ntchisi. Sukulu analekezera Sitandade 8 bambo awo atamwalira, ndipo anatsikira ku Dowa kuno ali mnyamata kudzasoka fodya pa esiteti ina. Kumeneko ndi kumene anaonana ndi a Judith, mtsikana woimba kwaya, wosachedwa kuyankha. Anthu amati amene anafunsira mnzake ndi a Judith, ndipo n'zomveka, chifukwa kukanakhala kodikira kuti a Elifala atsegule okha pakamwa, bwenzi mpaka lero akudziphikira. Analowa chikamwini, anamanga pamalo a akuchikazi, n'kumalima fodya ndi chimanga zaka zonsezi osakanganapo ndi munthu. Akuluakulu amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, koma awa anakhazikika. Denga la apongozi ankafolera ndi iwo, ngolo ikathyoka pamudzi ankakonza ndi iwo.

Chimene chinawapweteka pa moyo wawo ndi mawu awo omwe. Mawu a a Elifala ndi otsika, ofewa, sakwera ndipo satsika, amangoyenda ngati madzi a m'ngalande ya kudimba. Atasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo, Sabata lawo lolalikira linafika, ndipo anakonzekera ndi mtima wonse, pakuti Baibulo amalidziwa. Koma abale inu, asanafike ndi pakati pomwe, amayi a Chigwirizano anali atazyolika, ana ali phee, ndipo mlamu wawo a Festus, mchimwene wa a Judith, anachita kuliza mkonono pampando wakutsogolo, pakamwa pali yasa. Ulendo wachiwiri chimodzimodzi. Potuluka, mayi wina wanthabwala anati a Elifala akaimirira kutsogolo zimakhala ngati munthu wakuyalira mphasa. Dzina linamera pomwepo. Akulu ampingo anzawo anagwirizana kuti a Elifala azingosamala za mabenchi ndi malata a tchalitchi, kulalikira asiyire ena, ndipo amene anatumidwa kukawauza anali a Festus, inde, omwe aja a mkonono.

Sanadandaule. Anangoti zikomo, n'kubwerera kunyumba, ndipo kuyambira tsiku limenelo pagulu sankalankhulanso. Pamsonkhano ankangogwedeza mutu, pamaliro ankasankha ntchito yowaza nkhuni kuti asapatsidwe mwayi wa mawu. M'mudzi monse munthu mmodzi yekha ndiye sanawatchulepo dzina lija, ngakhale mocheza, ngakhale atakwiya. Anali a Judith, ndipo amene analitchula iwo ali pafupi ankatsukuluzidwa mpaka kuiwala chimene anabwerera.

Matenda a shuga anawapeza a Judith atakula kale, ana atachoka pakhomo. Kuchipatala ku Madisi ankapita, mankhwala ankamwa, koma m'kupita kwa zaka thupi linatha, miyendo inafooka, ndipo kunabwera chinthu china choipa kuposa zonse. Dzuwa likangolowa mapazi ankayamba kutentha ngati aponda pamakala. Masana ankapirira, koma kukada ankabuula mpaka tambala, ndipo munthu wosagona sachedwa kutha nzeru. A Elifala anayesa zonse zimene mkulu wa mpingo amadziwa. Akawerenga Masalimo, a Judith ankayamba kulira, ati mwayamba kundiperekeza. Akaimba nyimbo, zinali zomwe zija amaimba kumanda. Akayamba nkhani za pakhomo, a Judith ankadzuka n'kukhala tsonga, kufunsa za feteleza, za mbuzi yotayika, za mdzukulu wotsokomola, tulo n'kuthawiratu.

Mwana wawo Talandira, mphunzitsi ku Mponela, atabwera kudzazonda, anawaikira m'foni mawu a munthu wina wofotokoza za nyenyezi ndi mapulaneti pang'onopang'ono, ati anzake akasowa tulo amamvera zimenezo. Zinali za m'Chingerezi, ndipo a Judith sanazimvere nthawi yaitali. Anati kachitsuloko kakuwalasa m'makutu, akazimitse. Foni inatsala kwa a Elifala. Masana akamagwira ntchito m'chigafa ankaitsegula chapansipansi, kubwereza pamene sanamve, kutolatola ndi Chingerezi chawo cha Sitandade 8, mpaka anayamba kudabwa okha kuti kani kumwamba kumene akhala pansi pake moyo wonse kuli zinthu zotere.

Tsiku lina la mwezi wa Okutobala m'nyumba munatentha kwambiri, malata atamwa dzuwa tsiku lonse. Atangotha kudya, a Elifala anawagwiriziza akazi awo mpaka kuseri kwa nyumba, anawakhazika pampando wa ndalema, mapazi pamtsamiro kuti apitidwe mphepo. Kumwamba kunali mbee, nyenyezi zili waliwali. Posowa chonena, a Elifala analoza mwezi n'kuyamba kufotokoza kuti kumeneko kulibe mphepo, moti munthu ukaponda phazi, chidindo chake chimakhala chomwecho mpaka kalekale, palibe chochifufuta. Anati Nthanda si nyenyezi ayi, ndi dziko ngati lathu lomweli, lokutidwa ndi mitambo yosayera. Anati kuwala kwa nyenyezi zina kunanyamuka kwawo agogo a agogo athu asanabadwe, ndipo kwakhala kukuyenda osapuma kuti kudzafike pakhomo pano. Atacheuka anapeza a Judith atapendeketsa mutu, akupuma bwinobwino. Anawanyamula ngati mwana kukawagoneka, ndipo anagona mpaka dzuwa kutuluka.

Kuyambira pamenepo unakhala mwambo wa pakhomo. M'mawa mwake a Judith ananena okha chimene chinawakomera: kumwambako kulibe wachibale, kulibe maliro, kulibe munda wofuna kupalira, palibe chimene munthu ungachite nako, ndiye mtima umangokhala pansi. A Elifala anakondwa ngati mwana. Mumtima mwawo anatsimikiza kuti mankhwala ndi nyenyezizo, kuziona ndi maso, ndipo iwo ndi ongoloza chabe. Ankaloza Mlalang'amba, ankaloza Nsangwe, ankaloza kadontho kowala kosaphethira n'kunena kuti ndi Jupita, dziko lalikulu moti lathuli likhoza kulowamo kambirimbiri ngati mtedza m'nkhokwe. Nthawi zonse a Judith ankati eee, ndaiona. Atafika pa nyenyezi zitatu zondondozana zija timati Akamwini Atsatana, a Judith anafunsa kuti nanga inu ndi uti pamenepo, a Elifala n'kuyankha kuti wam'mbuyo, ndipo anaseka onse awiri. Tsiku limenelo anaona kuti a Judith akuyang'ana chakumbali pang'ono, osati kumene chala chinaloza, koma anangoti ndi kutopa.

Za mwambowu sanauze munthu. Akanayamba bwanji? Munthu amene mudzi wonse umamuseka kuti amagonetsa anthu, akanene kuti madzulo alionse amakhala kuseri kwa nyumba kulankhula mpaka mkazi wake agone? Anthu akanafa nalo phwete. Amayi a Chigwirizano akafunsa kuti odwala akugona bwanji masiku ano, a Elifala ankangoti Mulungu akuthandiza.

Mvula yoyamba itagwa mu Disembala, anthu anabzala, ndipo kunabwera masiku a mitambo. Madzulo oterowo a Elifala ankatuluka, kuyang'ana kumwamba, n'kubwerera atagwa nkhope. Kunalibe choloza, choncho sankayamba n'komwe kulankhula. Ankangokhala m'mphepete mwa bedi kusisita mapazi aja, a Judith akubuula mpaka kucha. Kangapo konse a Judith anaoneka ngati akufuna kunena kanthu, n'kubweza. Kumwamba kukayera, ankagona. A Elifala anaona kuti nkhani yake ndi yosavuta kumva: mitambo ndiyo mdani wa tulo ta mkazi wawo.

Kenaka mvula inadula. Januwale anafika dzuwa lili ng'aa, chimanga chinapota masamba n'kumaoneka ngati anyezi, fodya anagona pamizere. Kutchalitchi kunachitika mapemphero a mvula, ndipo a Elifala anapita, anagwada, anati ameni pamodzi ndi anzawo. Munda wawo nawonso unkafota, sikuti ankadya kwina. Koma madzulo alionse kumwamba kunkakhala mbee, a Judith ankagona tulo tabwino, nkhope inayamba kubwerera, ndipo a Elifala ankadzipeza akukondwa. Ankachita manyazi ndi chimwemwe chimenecho ngati munthu wodya nyama mobisa pamudzi pali njala, koma kuchichotsa mumtima sankatha.

Kwathu kuno mvula ikadula sipalephera kupezeka woimanga. Anthu anayamba ndi oumba njerwa, n'kupeza kuti uvuni wawo anaotcha kalekale. Anakayikira gogo wina wokhala yekha, koma anapezeka kuti ali kwa mwana wake ku Kasungu. Kenaka kunayamba manong'onong'o akuti kumapeto kwa mudzi kuli mkamwini amene kukangoda amatulutsa mkazi wodwala panja, n'kumaloza kumwamba uku ndi uku, pakamwa pakuyenda.

Tsiku lina masana mitambo inasonkhana yakuda bii kuchokera chakum'mawa. Mudzi wonse unatulutsa ndowa ndi mabeseni, ana akuvina. Dzulo lake a Judith anali atadwalika, shuga atakwera, ndipo a Elifala ankadziwa kuti akapanda kugona usiku umenewo zinthu ziipa. Anapita kuseri kwa chigafa, anavula chipewa, ndipo ndi mawu awo otsika aja anapempha kuti Ambuye, lero lokha, mitamboyi ipite. Sanadziwe kuti a Manesi, mng'ono wa a Judith, anali ataima mbali ina ya chigafacho ndi kambale ka phala la odwala. Pasanapite nthawi kunauka chimphepo, mitambo inabalalika, ndipo dzuwa linalowa kumwamba kuli koyera ngati akusesa. Ndowa zinabwerera m'nyumba zouma.

M'mawa mwake a Festus anaitanitsa mlamu wawo. Monga mwinimbumba, nkhani ya mlongo wawo inali m'manja mwawo, ndipo anasonkhanitsa abale pansi pa mango pakhomo pawo. Musawaone ngati munthu woipa a Festus. Munda wawo wonse unali utapsa, ali ndi adzukulu amasiye owayang'ana, ndipo anthu anali atayamba kunena kuti akapanda kuchitapo kanthu, achinyamata apita okha ndi miyala. Anafunsa mwaulemu chimene chimachitika kuseri kwa nyumba. A Elifala, maso ali pansi, anati amangoonetsa odwala nyenyezi kuti apeze tulo. Ena anaseka, ena anadzuma. A Festus anati chibadwire sanamvepo kuti nyenyezi ndi mankhwala, koma zimenezo azisiye. Kenaka anafunsa funso limodzi lokha.

"Alamu, ndinu mkulu wa mpingo, simunganame. Kodi dzulo munapempha kuti mvula isagwe?"

Apa munthu wochenjera akanazungulira. Akanati a Manesi sanamve bwino, akanati ankapempherera odwala. A Elifala anakumba dothi ndi chala cha kuphazi nthawi yaitali.

"Ndinapempha," anatero.

Kuchokera pakhonde la nyumba yawo, yomwe inali chapafupi, a Judith anayesa kukuwa kuti amusiye mwamuna wawo, munthu wosalakwa, koma mawu anali ochepa, ndipo a Manesi anati wodwala nthawi zonse amaikira kumbuyo womudyetsa. Chigamulo chinali chakuti a Judith asamukire kwa a Manesi, ndipo a Elifala ayambe apita kwawo ku Ntchisi mpaka mitima itazizira. A Festus anawonjeza chapansipansi kuti n'zowapulumutsa iwo omwe. A Elifala anati zikomo, monga anachitira tsiku lowaletsa kulalikira lija. Paja amati manyazi anapha Lambe. Munthu amene anakhala pamudzi zaka zoposa makumi atatu ananyamula kachikwama kamodzi, anadutsa pakati pa nyumba zimene anafolera ndi manja ake, osadzutsa mutu, ndipo sanathe ngakhale kukatsanzika bwino kwa mkazi wake chifukwa pakhomo panali podzaza anthu.

Anakwera kabaza, kenaka minibasi mpaka Mponela. Pamenepo anakhala kuseri kwa sitolo ina podikira galimoto ya ku Ntchisi, kuopa kuti Talandira angawaone. Kwawo anafikira kwa mlongo wawo a Agnesi, n'kunena kuti angobwera kudzaona abale. A Agnesi anayang'ana kachikwamako, anayang'ana nkhope, ndipo sanafunse. Talandira ataimba foni, bambo ake anamuuza zomwezo. Munthu amene anakana kunama pansi pa mango anayamba kunamiza mwana wake yemwe.

Ndiye tamvani zimene dziko limachita. Atangogona kawiri ku Ntchisi, mvula inakhuthuka. Inagwa kumapiri, inagwa ku Dowa konse, yamvumbi, yosakata. A Elifala anakhala pakhonde la mlongo wawo akuyang'ana madzi akutsetsereka m'phiri, ndipo anadziwa zimene zikunenedwa ku Chisepo: mwaona, wangochoka, yamasuka. Mtima wina unkawauza kuti mitambo imayenda ndi mphepo zochokera kunyanja zakutali, siimva za mkamwini wa kuseri kwa chigafa. Mtima wina unkawafunsa kuti nanga si iwe wakhala ukuuza ana ako kuti Mulungu amamva pemphero la munthu mmodzi? Ngati amamva, ndiye kuti minda ya anthu inapsa chifukwa cha iwo. Ngati samva, ndiye ankagwadiranji moyo wonse? Uku kunali kowawa, uku kowawa. Koma choposa zonse, kukamada ankayang'ana mitambo ija n'kudziwa kuti kutsidya kwa mapiriwo a Judith akubuula.

Sabata isanathe foni inalira. Anali a Manesi, mawu atasasa. Sanapepese, ndipo sanatchule za mvula. Anati achemwali awo chichokereni a Elifala sanatsinzineko, akukana chakudya, ayamba kulankhula zosamveka. Amayi a Chigwirizano akhala akusinthana kuchezera, kuimba ndi kupemphera, koma odwala akungoitana dzina limodzi. A Festus avomera kuti abwere, pokhapokha chilichonse chimene amachita achitire m'nyumba, anthu akumva, osati kuseri.

Ulendo wonse a Elifala ankasuzumira pawindo la minibasi kufunafuna pamene mitambo yang'ambika, ndipo panalibe. Milomo inafuna kuyamba pemphero lija, koma anaigwira ndi dzanja. Anafika chamadzulo atanyowa, matope mpaka m'mawondo. Anthu anali m'makonde kuusa mvula, ndipo palibe anawalonjera, ankangowaperekeza ndi maso.

M'nyumba ya a Manesi munali modzaza. Amayi anakhala pansi motsamira khoma, maso ali psuu ndi kusagona. A Festus anali pampando pafupi ndi chitseko, manja atapinda pachifuwa. Pakona, pamatiresi, panali a Judith. Masaya anali atalowa, milomo itauma, mapazi akungosisitana okha pansi pa nsalu. A Elifala anagwada pambali pawo n'kuwagwira dzanja. Malata ankalira ndi mvula.

A Festus anati nthawi ndi yawo, achite zimene amachita, onse amve. A Elifala anayang'ana kudenga, anayang'ana anthu, ndipo thukuta linatuluka ngakhale kunkazizira. Awa anali anthu omwe aja anagona m'tchalitchi, ena mwa iwo ndi omwe anabala dzina lija. Ndipo chowaonetsa odwala panalibe. Anawerama n'kunong'ona, kuwaitana a Judith ndi dzina la mfunda wawo.

"Nambewe, ndabwera. Koma kumwamba kwatseka. Ndilibe chokuonetsani."

A Judith anatembenuza mutu kutsata mawuwo. Analankhula motsika, koma mvula inali itachepako moti aliyense anamva.

"Bambo a Talandira, ine nyenyezi ndinasiya kuziona chaka chatha. Maso anachita chifunga. Ngakhale mwezi ndimangouona ngati nsalu yoyera."

A Elifala anafunsa kuti nanga muja munkati ndaiona, ndaiona?

"Ndikanati chiyani? Ndikanakuuzani kuti chondigonetsa ndi mawu anu, inu dzina lija limakulasani mumtima? Masiku a mitambo aja ndinkafuna kunena kuti tangolankhulani muno momwemo, koma ndinkaopa kukupwetekani."

A Manesi anaphimba nkhope ndi chitenje. A Elifala anamva kutentha kuyambira m'khosi mpaka m'makutu, manyazi amene sanawamvepo ngakhale pansi pa mango paja. Kani anapempha kuti mvula ipite, anakondwera minda ya anthu ikupsa, anasiya mkazi wawo akubuula usiku wonse wa mitambo iwo ali chete pambali pake, zonsezo chifukwa cha thambo limene ankaliona okha. Mankhwala anali nawo pakamwa nthawi yonseyi, ndipo anali chinthu chomwe chija akhala akuchibisa zaka zonse. Anafuna nthaka ing'ambike alowemo.

A Judith anawafinya dzanja ndi mphamvu zochepa zimene zinatsala.

"Amphasa anga, ndatopa. Tayalani."

Chikwatiranireni, aka kanali koyamba kuti dzina limenelo lituluke pakamwa pa a Judith. A Elifala anapukuta m'maso ndi mkono wa jekete lonyowa, n'kuyamba. Posakhalitsa mawu anapeza ngalande yawo.

"Pamwamba pa malatawa pali mitambo. Mitamboyo si yaitali, ili pafupi, ngati denga lachiwiri. Mukaibowola n'kutulukira kuseri kwake, kulibe mvula, kuli mbee, nyenyezi zonse zili m'malo mwake. Sizinachoke. Akamwini aja akutsatanabe, wam'mbuyo ali pambuyo pomwepo. Tikapitirira mwezi, tiyenda ulendo wautali wopanda phokoso, wopanda fumbi, mpaka tifike kudziko lina lofiira ngati katondo. Kumeneko kuli phiri lalitali kuposa mapiri onse a pansi pano, koma lokwera pang'onopang'ono, moti munthu ungayende osadziwa kuti ukukwera. Palibe akukudikira pamwamba pake. Palibe chofulumirira."

Anapitirira mpaka ku Jupita, kumene kuli kamvulumvulu amene wakhala akuzungulira kuyambira makolo athu asanabadwe, osagwetsa nyumba ya munthu chifukwa kulibe nyumba. Anafika kudziko lovala mphete za madzi oundana, zoyenda mwakachetechete. Mapazi aja pansi pa nsalu anayamba kuchepetsa, kenaka analeka. Dzanja limene linawagwira linamasuka. Mpweya wa a Judith unatalika, n'kumatuluka bwinobwino ngati wa mwana.

A Elifala sanayerekeze kusiya msanga. Ali chilankhulire anadzutsa maso pang'ono kuti aone ngati anthu akuseka. Amayi a Chigwirizano anali atazyolika motsamirana. A Manesi anali atagona chokhala, chitenje chili kumaso. Pafupi ndi chitseko, woweruza mlandu uja mutu unali utagwera kumbuyo, manja atamasuka, pakamwa pali yasa, ndipo kamkonono kanali katayamba, komwe kaja ka pampando wakutsogolo. M'nyumba monse wotsala maso anali mmodzi, mwini mawuyo, woti amve yekha ngati m'mawu amenewo munali ufiti.

Misozi inkatsika, koma sanaipukute, kuopa kugwedeza dzanja limene a Judith anagonera. Kunja mvula inkagwabe pa chimanga chimene china chidzadzuka, china ayi, ndipo mawa adzayenera kudutsa pakati pa minda imeneyo anthu akuwaona. Anatsitsa mawu pang'ono, n'kupitiriza ulendo kupita kudziko lotsatira.